Dungeon Master's Guide ya 2014 ndi paladin wofuna kulapa: zomwe bukuli limapereka, ndi zomwe limakusiyirani

Pagulu lililonse losewera Dungeons & Dragons, masewera a patebulo a nkhani ndi madayisi, kaya mumakumana pakhonde ku Chilomoni kapena m'kachipinda ka lendi ku Zingwangwa, limafika tsiku lomwe wosewera wina amauza DM (Dungeon Master, woyendetsa masewerawo) kuti mtengambali wake, munthu wa m'nkhani yemwe amamusewera, watopa ndi zoipa, akufuna kubwerera. Kawirikawiri amakhala paladin, msilikali wolumbira, yemwe anaphwanya lumbiro lake miyezi ingapo yapitayo. Apa tikuyesa Dungeon Master's Guide ya 2014, buku la malangizo a DM la kampani ya Wizards of the Coast, pa ntchito imeneyi yokha: kodi imamuthandiza DM kumanga ulendo wa kulapa womwe gulu lingaukhulupirire? Imathandiza, koma thandizolo silili pomwe mungayambire kulifuna. Kandime konena za kulapa n'kakafupi kwambiri. Zida zenizeni zamwazikana m'mitu ina, ndipo zingapo mwa izo muyenera kuzisintha kaye zisanagwire ntchito.

Tsamba 97

M'mutu 4, pa tsamba 97, pali Oathbreaker, paladin yemwe wataya lumbiro n'kutsata mdima. Ayenera kukhala pa levulo 3 kapena kuposa, ndipo alignment yake, mbali yomwe khalidwe lake lili, ikhale yoipa. M'malo mwa mphamvu za lumbiro amalandira zina: kulamulira akufa oyenda, kuopseza omuzungulira, komanso matsenga ngati hellish rebuke ndi inflict wounds, kenako darkness ndi animate dead akamakwera. Pa levulo 7 amapeza Aura of Hate, yomwe imawonjezera Charisma modifier yake, nambala yochokera ku mphamvu yake yokopa anthu, pa kuvulaza kwa zida zomenyera pafupi. Werengani bwino mawu ake. Chowonjezeracho sichipita kwa iye yekha, chimapitanso kwa ziwanda ndi akufa oyenda onse omwe ali mkati mwa mafiti 10, osasankha kuti ali mbali iti. Ena amati olemba anaphonya. Kwa DM yemwe akukonza nkhani ya kulapa, ichi n'chida. Lowetsani gulu m'manda odzaza mafupa oyenda, ndipo mnzawo akagwa, nenani poyera kuti lupangalo lavulaza ndi 3 yowonjezera chifukwa paladin waima pafupi. Wosewera amayamba kufuna kusintha inu osamulalikira.

Pa tsamba lomweli pali dongosolo la kulapa, ndipo masitepe ake ndi atatu. Poyamba paladin asiye alignment yoipa, aonetse kusinthako m'mawu ndi m'zochita. Akatero amataya mphamvu zonse za Oathbreaker, n'kusankha mulungu ndi lumbiro, ndipo DM akalola akhoza kusankha zosiyana ndi zakale. Koma mphamvu za lumbiro latsopanolo sazigwira mpaka atamaliza ulendo woopsa kapena mayeso omwe DM wakonza. Pamapeto pake pali chenjezo lomwe ambiri saliona: akaphwanyanso lumbiro kachiwiri akhoza kubwerera kukhala Oathbreaker, koma mwayi wolapa kulibenso. Muuzeni wosewera zimenezi asanayambe, chifukwa akadzazimva atalakwa kale adzati mwamutchera msampha.

Chomwe olemba anachita bwino ndi ndondomeko ya masitepewo. Munthu amayamba wataya, kenako n'kudzalandira. Pakati pamakhala nthawi yomwe paladin ali chimanjamanja, ndipo nkhani yonse imakhala m'nthawi imeneyo. Chomwe sanachite ndi kunena kuti ulendo woopsawo ukhale wotani, utalike bwanji, ndi woweruza kuti watha ndani. Palibe tebulo, palibe chitsanzo, m'buku lomwe lili ndi matebulo a zinthu zazing'ono ngati fungo la m'phanga.

Za kutalika, onani zomwe paladin amatsala nazo. Pa levulo 5 akadali ndi Extra Attack (kumenya kawiri), Divine Smite (kumenya ndi mphamvu yopatulika), matsenga wamba a paladin, ndi Lay on Hands yochiza mapointi 25. Wataya Channel Divinity, mphamvu yapadera ya lumbiro, ndi matsenga a lumbiro omwe amakhala okonzeka nthawi zonse. Ndi wofooka koma si wolumala. Kukumana katatu kapena kanayi, maola atatu kapena anayi ulendo uliwonse, n'kokwanira. Kamodzi kokha sikumveka kuti wataya kanthu. Kukapitirira kasanu, wosewera amayamba kuwerengera zomwe anzake akuchita pankhondo iye akungoyang'ana, ndipo kulapa kumasanduka chilango cha wosewera m'malo mokhala nkhani ya mtengambali.

Madayisi asakhululukire munthu

Tigwiritse ntchito chitsanzo chimodzi mpaka pamapeto. Paladin wa levulo 5 anapatsidwa mlatho woti aulondere usiku. Analandira chiphuphu n'kuchokapo. Achifwamba anawoloka, anaotcha nkhokwe za mudzi, anapha wosula zitsulo, ndipo mlandu unagwera mnyamata yemwe ankamunyamulira zida. Olakwiridwa ndi atatu: mayi wamasiye, mfumu ya mudziwo, ndi mnyamatayo. Lembani anthu otere musanalembe chilombo chilichonse. Ulendo wa kulapa wopanda wolakwiridwa wooneka nkhope umangokhala ulendo wamba wokhala ndi pemphero kumapeto.

Gawo lothandiza kwambiri pa anthu amenewa lili m'mutu 8, kuyambira tsamba 244, pomwe bukuli limafotokoza za kucheza ndi anthu omwe DM amawayankhulira. Aliyense amayamba ali waubwenzi, wosasamala, kapena waudani, ndipo pa kukumana kumodzi maganizo ake kawirikawiri sasuntha kuposa sitepe imodzi. Lamulo laling'onoli lokha limakupatsani mafupa a ulendo wonse: mayi wamasiye yemwe wayamba ndi udani sangafike pa ubwenzi pa kukumana kumodzi.

Vuto lili pa tebulo lotsatira. Munthu waudani, wosewera akafikira DC 10 (DC ndi nambala yomwe ayenera kufikira akaponya dayisi), sathandiza koma savulaza. Akafikira DC 20, amachita zomwe wapemphedwa bola zisamuike pachiswe. Tsopano werengani. Paladin wathu ali ndi Charisma 16 ndipo amadziwa Persuasion, luso lonyengerera, ndiye amawonjezera 6. Kuti afike 20 afunika 14 kapena kuposa pa d20, dayisi la mbali 20, mwayi wa 35 pa 100. Akakhala ndi inspiration, mphotho yomulola kuponya madayisi awiri n'kutenga lalikulu, mwayi umakwera kufika pafupifupi 58 pa 100. DM yemwe angalole kuti "ndikhululukireni" ikhale pempho la patebulo limeneli wapereka chikhululuko cha mayi woferedwa ku dayisi lomwe limagwa bwino kuposa theka la nthawi. Paladin ndiye mtengambali yemwe Charisma yake imakhala yokwera mwachibadwa, choncho wolakwa kwambiri ndi yemwenso amakhululukidwa msanga. Izi zimaononga nkhani zambiri za mtunduwu.

Mankhwala ake ali pa tsamba lomwelo, m'chiganizo chomwe chimati munthu waudani akhoza kukhala woipidwa moti palibe kuponya kwa Charisma komwe kungamusunthe. Gwirani chiganizo chimenecho. Dayisi liponyedwe pa zinthu zazing'ono: kodi mayiyo alola paladin kulowa pabwalo pake, kodi mfumu imupatsa mpata woyankhula. Chikhululuko chenicheni chisaponyeredwe dayisi. Chibwere, kapena chisabwere, malinga ndi zomwe paladin wachita. Ndipo mwa atatu aja, siyani mmodzi asakhululuke mpaka mapeto. Bukuli silinena kuti mphamvu zimabwerera anthu onse akakhululuka, limati zimabwerera mayeso akatha. Paladin akhoza kulandira lumbiro lake mayi uja akumutembenukirabe msana, ndipo osewera amaikumbukira nkhani yotere kuposa yomwe mudzi wonse ukuomba m'manja.

Chipepeso chogulika

Osewera a kuno safunika kuphunzitsidwa kuti mlandu umathera pabwalo, pamaso pa mfumu, wolakwa atavomera n'kupereka mbuzi kapena nkhuku. Ndiye poyamba penipeni wina amati: tingolipira. Apa manambala a masewerawa amakupandukirani. Mu Player's Handbook, buku la osewera, nkhuku ndi 2 cp (ndalama zamkuwa), mbuzi 1 gp (ndalama yagolide), nkhumba 3 gp, ng'ombe 10 gp. Dungeon Master's Guide yomweyi imati mtengambali woyambira pa levulo 5 ayambe ndi 500 gp ndi zina pamwamba. Ndi mbuzi 500 zimenezo, kapena ng'ombe 50, m'thumba la munthu mmodzi. Chipepeso chilichonse chomwe mudzi ungatchule, paladin amachitulutsa osamva kuwawa.

Bukuli silinaganizirepo za vutoli, ndiye ntchito ndi yanu. Lolani alipire ndalama, mfumu ilandire, koma chimenecho chikhale chongotsegulira bwalo. Chipepeso chenicheni chikhale chomwe golide sangagule. Avomere pagulu kuti anachoka pamlatho chifukwa cha chiphuphu, podziwa kuti akulu a gulu lake lankhondo amva. Akatulutse mnyamata uja m'ndende poima pamalo pake. Apereke lupanga lake lamatsenga la +1, lomwe wosewera amalikonda, kwa mwana wa malemu. Muyeso wake ndi wosavuta: ngati wosewera sanakhale chete kwa kanthawi asanavomere, mtengo wachepa.

Yang'aniraninso matsenga odzutsa akufa. Raise dead imafuna dayamondi ya 500 gp ndi mtembo womwe sunapitirire masiku 10. Resurrection imafuna ya 1,000 gp ndipo imafikira zaka 100. Gulu lochenjera lidzapita kwa wansembe wamkulu kuti wosula zitsulo adzuke, mlandu uthe. Onse awiriwa amafuna kuti mzimu wa wakufayo ulole kubwerera, choncho muli ndi ufulu wonena kuti wakana. Speak with dead, yoyankhulitsa mtembo, nayo sipereka njira yachidule. Mtembo umayankha mafunso asanu, sudziwa chilichonse chomwe chachitika chimwalirire, ndipo sukakamizika kunena zoona kwa munthu yemwe ukumuona ngati mdani. Sungakhululukire kulapa komwe sunakuone.

Kulemba mmene mitima ikusinthira

DM amafuna chowerengera, kuti asamangoyendera mmene wadzukira tsikulo. Ambiri amathamangira ku Renown pa tsamba 22, yomwe imayeza ulemu wa munthu m'gulu, ndi maudindo pa 1, 3, 10, 25 ndi 50. Pa ntchito iyi siyenera, chifukwa chimodzi: siitsika pansi pa 0. Wopereka mudzi kwa achifwamba ndi mlendo wongofika kumene amaima pa nambala imodzi. Komanso masitepe ake ndi otalikirana, opangidwira kampeni ya chaka.

Yoyenera ndi Loyalty pa tsamba 93, ngakhale inalembedwera otsatira gulu, osati olakwiridwa. Imayenda kuchokera 0 mpaka 20. Imakwera ndi 1d4 (dayisi limodzi la mbali zinayi) munthu akathandizidwa pa chinthu chomwe amachikonda kapena akapulumutsidwa. Imatsika ndi 1d4 gulu likachita zosemphana ndi zomwe amakhulupirira, ndi 2d4 akanamizidwa kapena kuikidwa pachiswe chifukwa cha dyera. Patsani aliyense wa atatu aja mzere wakewake m'kope lanu, onse ayambire pa 0. Pa avereji 1d4 imapereka 2.5, ndiye kufika pa 10 kumafuna ntchito zabwino zinayi, zomwe zikugwirizana ndi kukumana katatu kapena kanayi kuja. Bodza limodzi limachotsa pafupifupi 5, kufafaniza ntchito ziwiri. Kusalingana kumeneku n'kolondola, musakukonze. Bukuli limalangiza kuti nambalayi ikhale yachinsinsi, ndipo pano langizolo n'lofunika kawiri, chifukwa wosewera akaiona amayamba kusaka mapointi. Muonetseni m'zochitika. Pa 0 mayiyo amatseka chitseko. Pa 4 amasiya chitseko chotsegula koma sayankhula. Pa 8 amatuma mwana kukamupatsira madzi akumwa pomwe akumanga nkhokwe.

M'mutu 6 muli kanthu kakang'ono ka masiku opuma: wothera masiku 10 akutumikira m'kachisi amalandira inspiration m'mawa uliwonse kwa masiku 2d6. Mmene kalili, phindu limapita kwa wolakwa, wolakwiridwa osaonapo kanthu. Sinthani malo okha. Masiku 10 amenewo akathere m'mudzi akudula nsungwi ndi kufolera nkhokwe, mphotho ikhale yomweyo.

Mayeso omaliza

Cholakwika chofala ndi kupanga mayeso kukhala chilombo chachikulu. Paladin amapha zilombo mlungu uliwonse. Kupha china sikuonetsa kuti wasintha, kumangoonetsa kuti Divine Smite ikugwirabe ntchito. Tsamba 79 lili ndi tebulo la zisankho zovuta za mitundu isanu, ndipo iwiri ikukwanira bwino pano: wina womwe munthu amasankha pakati pa kupambana ndi kusunga lumbiro, wina womwe amasankha pakati pa kugwira mdani ndi kupulumutsa osalakwa. Bukuli silizilumikiza ndi kulapa, koma kulumikizako n'kosavuta. Bwezerani paladin pa chiyeso chomwe chinamugwetsa. Mlatho womwewo, usiku, achifwamba akubwera, ndipo yemwe anamupatsa chiphuphu uja akuthawira mbali ina atanyamula kalata yomwe ikanachepetsa mlandu wa paladin. Akamuthamangira, mlatho ukhala wopanda munthu kachiwiri. Akaima, kalatayo yapita basi.

Nkhondo ya pamlathoyo iwerengedwe bwino. Kwa atengambali anayi a levulo 5, malire a nkhondo yovuta ndi 3,000 XP (mapointi oyezera mphamvu ya adani), a nkhondo yakupha ndi 4,400. Achifwambawo akakhala ma ogre (zimphona) anayi a 450 XP aliyense, ndi 1,800, ndipo kwa adani atatu mpaka asanu ndi mmodzi mumachulukitsa kawiri, kukhala 3,600. Pamenepo ndi pabwino: yoopsa, koma yotheka kwa gulu lomwe paladin wake alibe Channel Divinity. Musapitirire 4,400 pofuna kuti zikhale zochititsa chidwi. Paladin akafa mwangozi mu raundi yachiwiri, miyezi ya nkhani yathera pa dayisi loipa. Ngati wosewera akufuna kuti mtengambali wake afere pamlatho, mugwirizane kale, chisakhale chodzidzimutsa. Ndipo mphamvu zibwerere nkhondo ili mkati, pa nthawi yomwe wasankha kuima, osati m'mawa mwake atagona.

Chisankhocho chikhale chenicheni. Ngati DM wakonza kale kuti kalatayo ipezekabe paladin akaima pamlatho, osewera amanunkhiza, ndipo ulendo wotsatira sakhulupiriranso kuti kusankha kwawo kuli ndi mtengo.

Pomwe bukuli lili chete

Patebulo pali anthu ena atatu kapena anayi omwe akwera minibasi kuchokera ku Ndirande, Bangwe kapena Chirimba, ndipo sanabwere kudzaonerera mnzawo akulira kwa milungu inayi. Bukuli silinena kanthu pa zimenezi pokhudza kulapa. Aliyense apatsidwe chingwe chake m'nkhaniyo. Rogue, kathyali wa gululo, akhale yemwe anadyako chiphuphucho ndipo akuopa kuti paladin akavomera naye atchulidwa. Cleric, wansembe wa gululo, akhale mkhalapakati wopita kwa mfumu. Zokambirana za paladin payekha zisapitirire mphindi 10 kapena 15 musanatembenukire kwa ena.

Silinenanso za kugwirizana pa mtundu wa tchimo. Kupereka mudzi, kuba, kuthawa nkhondo, kunamizira mnzako, izi gulu limatha kuzisewera. Nkhanza kwa ana kapena kugwiririra, anthu ambiri safuna kukhala maola atatu akuthandiza wochita zimenezo kuyeretsa dzina, ndipo ali ndi ufulu. Funsani onse musanayambe. Malangizo a kukambirana kotere anadzalembedwa mu Tasha's Cauldron of Everything mu 2020, m'buku la 2014 mulibe.

Kwa amene si paladin, bukuli lilibe njira yolembedwa. Warlock wofuna kumasuka kwa mbuye yemwe anamupatsa matsenga kapena rogue wofuna kusiya umbava, mungobwereka masitepe atatu aja: aonetse kusintha, ataye kanthu, adutse mayeso. Mukamva za matsenga a ceremony a mu Xanathar's Guide to Everything ya 2017, chenjerani nawo. Ndi ola limodzi, siliva wopera wa 25 gp, ndi kuponya kwa Insight (luso lozindikira mtima wa munthu) kwa DC 20, alignment yabwerera pakale. Akhale mwambo wotsekera ulendo utatha, apo ayi alowa m'malo mwa ulendo wonse.

Kulipeza muno mu Blantyre

Ndi buku lachikuto cholimba, masamba 320, ndipo mtengo wake wosindikizidwa mu 2014 unali madola 49.95 a ku America, musanaonjezere zotumizira. Njira yodalirika ndi kutuma munthu yemwe akuchokera ku Johannesburg kapena kunja kwina. Mukamatuma, tumizani chithunzi cha chikuto pa WhatsApp. La 2014 lili ndi Acererak, mfiti yachigaza, pachikuto. Mu 2024 kunatuluka lina la dzina lomwelo, lokonzedwa mwina, ndipo gawo la Oathbreaker mulibemo, manambala a masamba omwe tatchulawa sagwirizananso. Malamulo aulere a pa intaneti nawo alibe Oathbreaker. La pakompyuta limagulitsidwa pa webusaiti ya D&D Beyond, koma limafuna khadi yakubanki yolipirira kunja, komanso foni ikatha moto magetsi atazima, bukulo lazima nayo. La pepala limaopa chinyezi cha dzinja, musalisiye pansi pasimenti.

Chingerezi chake ndi cholemerako kuposa cha Player's Handbook, ndipo kalozera wa kumapeto amakutumizani uku ndi uku. Kwa DM yemwe akuyendetsa kampeni yaitali, ndalamayo siitayika, chifukwa matebulo a chuma, zida zamatsenga ndi kawerengedwe ka nkhondo mudzazifuna mlungu uliwonse. Ngati chomwe mukufuna ndi ulendo umodzi wa kulapa, kugula n'kuononga. Bwerekani kwa gulu lina, mulembe m'kope zomwe zili pa masamba 79, 93, 97 ndi 244, mubweze.